Kayezedwe ka Ngongole za Kampani Poyerekeza ndi Chuma Chogwirika cha Eni Ake

Munthu amene akufuna kupereka katundu pangongole kwa kampani ina, kugula masheya ake, kapena kuibwereketsa ndalama, amakhala ndi funso limodzi mumtima ngakhale salinena mokweza. Zinthu zitati zavuta, kodi kampaniyi ili ndi chiyani chimene chingagulitsidwe kuti ngongole zibwezedwe, nanga pangatsale kanthu ka eni ake? Yankho limapezeka ndi masamu a kuchotsera ndi kugawa okha, oti munthu atha kuwamaliza pafoni yake tiyi asanazizire, ngakhale m'mawa wa mwezi wa Juni kuno ku Mzuzu. Pamene pamafunika kudekha ndi posankha manambala oti awerengedwe ndi oti asiyidwe.

Akatswiri a zachuma amagwiritsa ntchito mawu akuti leverage ponena za kukula kwa ndalama zobwereka poyerekeza ndi ndalama za mwini bizinesi. Tiyerekeze kuti mnyamata wa ku Chibavi wagula njinga yamoto ya kabaza pa mtengo wa K2 miliyoni, ndipo pa ndalamazi K500,000 ndi yake pamene K1.5 miliyoni wabwereka. Malonda akamayenda, iye amadya phindu la njinga yonse ngakhale anaikapo gawo limodzi lokha mwa magawo anayi, ndipo uwu ndiwo ubwino wa ngongole. Koma njingayo ikachita ngozi n'kutsika mtengo kufika pa K1.5 miliyoni, ndalama zake zonse zapita, pomwe wobwereketsa uja sanataye ngakhale tambala imodzi. Kampani yaikulu imayenda m'njira yomweyi, kungoti chuma chake chimalembedwa m'mabuku, ndipo m'mabukumo mumatha kulowa zinthu zina zimene munthu sangazikweze pa lole n'kupita nazo ku okushoni.

Yambani ndi kupeza chikalata chimene owerengera ndalama amachitcha balance sheet, chimene m'malipoti a masiku ano chimalembedwa kuti statement of financial position. Makampani amene ali pa msika wa masheya wa Malawi Stock Exchange ku Blantyre, monga Illovo Sugar Malawi, Press Corporation, Sunbird Tourism, TNM ndi mabanki angapo, amasindikiza zotsatira zawo m'nyuzipepala, koma zimene zimatuluka m'nyuzizo zimakhala zachidule ndipo nthawi zambiri zinthu zosiyana zimawunjikidwa pamzere umodzi. Funani lipoti lathunthu la pachaka, lokhala ndi masamba ofotokozera a kumapeto, chifukwa m'menemo ndi m'mene muli zimene tikusaka. Ngati kampaniyo si ya pa msika wa masheya, pemphani mabuku amene anaunikidwa ndi kusainidwa ndi akatswiri ovomerezeka ndi ICAM, bungwe la akatswiri owerengera ndalama m'Malawi, ndipo mukakanizidwa, kukanako mukutenge ngati gawo la yankho. Musanalembe nambala iliyonse, onani tsiku limene mabukuwo anatsekedwa, onani ngati manambala ali m'masauzande kapena m'mamiliyoni, ndipo ngati pali mizati iwiri, wina wa kampani yokha ndi wina wa gulu lonse pamodzi ndi nthambi zake, tengani wa gulu lonse.

Kuti njira ioneke bwino, tipeke kampani ya ku Luwinga imene ili ndi malole onyamula katundu pamsewu wa M1 komanso chigayo chachikulu. Manambala onse a kampaniyi ndi ongoyerekezera. Mabuku ake akuti chuma chonse ndi K2.4 biliyoni, chogawika motere: malo ndi nyumba K700 miliyoni, malole ndi makina K600 miliyoni, chimanga ndi ufa zimene zili m'nkhokwe K350 miliyoni, ndalama zimene makasitomala sanalipire K250 miliyoni, ndalama za ku banki K100 miliyoni, mapulogalamu a kompyuta ndi ziphaso K80 miliyoni, ndiponso mzere wina wolembedwa kuti goodwill wa K320 miliyoni. Ngongole zonse ndi K1.6 biliyoni, ndiye kuti K900 miliyoni ya ku banki, K500 miliyoni ya amene anaipatsa katundu pangongole, ndi K200 miliyoni ya misonkho ndi zina. Mukachotsera ngongole pa chuma chonse mutsala ndi K800 miliyoni, ndipo limeneli ndilo gawo la eni, limene m'lipoti limalembedwa kuti equity.

Muyeso umene anthu ambiri amathera pomwepo ndi wogawa ngongole ndi gawo la eni. K1.6 biliyoni kugawa ndi K800 miliyoni yankho ndi 2, kutanthauza kuti pa kwacha iliyonse ya eni pali makwacha awiri a anthu ena, ndipo eni ali ndi 33 peresenti ya chuma chonse. Kwa kampani ya malole, manambala amenewa sangadzidzimutse munthu. Koma akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, choncho tiung'ambe mkuyuwo.

Mzere wa goodwill ndi umene uyenera kumvetsetsedwa bwino, pakuti anthu ambiri amauwerenga ngati kuti ndi ndalama kapena katundu amene ali penapake. Mzerewu umabadwa kampani ikagula kampani ina pa mtengo woposa wa katundu wake. Tinene kuti kampani yathu ya ku Luwinga inagula kampani ina ya malole ya ku Karonga pa K500 miliyoni, pomwe malole, galaja ndi zina zonse zodziwika za kampaniyo, atachotsapo ngongole zake, zinali za K180 miliyoni. Ogulawo analipira K320 miliyoni yapamwamba chifukwa chokhulupirira kuti makasitomala a ku chipata cha Songwe apitiriza kubwera, kuti madalaivala odziwa njira ya ku Dar es Salaam sachoka, ndi kuti mpikisano uchepa. Malamulo a kawerengedwe ka chuma, makamaka limene limatchedwa IFRS 3, amalola kuti ndalama yapamwambayo ilembedwe ngati chuma. Palibe chinyengo pamenepa, ndipo kugulana kwa makampani ndi chinthu chachizolowezi ngakhale kwathu kuno, monga momwe National Bank of Malawi inagulira Indebank ndi FDH inagulira Malawi Savings Bank mu 2015. Komabe chimene chalembedwacho ndi chiyembekezo cha phindu la m'tsogolo, ndipo tsiku limene masherifu afika pageti ndilo tsiku lomwelo limene chiyembekezocho chimakhala chitafa. Goodwill singagulitsidwe payokha, singaperekedwe ngati chikole, ndipo singalipire wogulitsa matayala amene akudikira ndalama zake.

Pali chinanso chimene chimachititsa kuti nambalayi ikhale yokayikitsa. M'malamulo athunthu a IFRS, goodwill sichepetsedwa pang'onopang'ono chaka ndi chaka monga momwe mtengo wa lole umachepetsedwera. M'malo mwake, lamulo la IAS 36 limati iyesedwe chaka chilichonse kuti aone ngati ikadali ndi mtengo umene inalembedwa nawo, ndipo amene amapereka ziyerekezo za phindu la m'tsogolo pa mayesowo ndi mabwana omwewo amene anavomereza kugula. Munthu savomera msanga kuti anagula modula. Makampani ang'onoang'ono amene amatsata malamulo ofupikitsidwa a IFRS for SMEs amaichepetsa chaka ndi chaka, choncho kwa iwo vutoli ndi locheperako, koma mfundo yoti singagulitsidwe payokha sisintha.

Tsopano chotserani. Phatikizani goodwill ya K320 miliyoni ndi K80 miliyoni ya mapulogalamu ndi ziphaso, mupeza K400 miliyoni ya chuma chosagwirika. M'malipoti mzere wachiwiriwu umalembedwa kuti intangible assets, ndipo umatha kukhala ndi maina a malonda amene anagulidwa, mindandanda ya makasitomala, ndi ndalama zimene zinalowa popanga zinthu zatsopano. Chotsani K400 miliyoni imeneyi pa gawo la eni la K800 miliyoni, mutsale ndi K400 miliyoni, chimene ndi chuma chogwirika cha eni, tangible equity m'chinenero cha mabanki. Kenako chotsaninso K400 miliyoni yomweyo pa chuma chonse cha K2.4 biliyoni, mutsale ndi K2 biliyoni ya chuma chogwirika cha kampani. Ambiri amalakwitsa pamenepa pochotsa mbali imodzi yokha, ndipo yankho limene amapeza silingayerekezedwe ndi la wina aliyense. Ngongole zokha musazikhudze, chifukwa wobwereketsa sachepetsa zimene akufuna poona kuti chuma china chinali cha papepala.

Kuchokera pa manambala awiriwa mumatuluka miyeso iwiri imene kwenikweni ikunena nkhani imodzi. Woyamba ndi kugawa chuma chogwirika cha eni ndi chuma chogwirika cha kampani: K400 miliyoni kugawa ndi K2 biliyoni, kuchulukitsa ndi 100, yankho ndi 20 peresenti. Wachiwiri, umene mabanki amakonda kuulemba m'mapangano a ngongole, ndi kugawa ngongole zonse ndi chuma chogwirika cha eni: K1.6 biliyoni kugawa ndi K400 miliyoni yankho ndi 4. Kampani imene inkaoneka ngati yasenza makwacha awiri pa kwacha iliyonse ya eni yapezeka kuti yasenza anayi. Ine ndimakonda muyeso woyamba chifukwa umamasulirika mosavuta kwa munthu aliyense, ngakhale pamsonkhano wa mamembala a SACCO amene sanaphunzire za mabuku a ndalama. Nambala ya 20 peresenti ikutanthauza kuti malole, nyumba, chimanga ndi zina zonse zogwirika zikangotsika mtengo ndi gawo limodzi mwa magawo asanu, eni atsala manja ali m'khosi, ndipo kutsika kulikonse kopitirira pamenepo kuyamba kudya ndalama za obwereketsa. Aliyense amene anaonapo mitengo imene katundu amagulidwira pa okushoni akudziwa kuti gawo limodzi mwa magawo asanu si mpata waukulu.

Zimenezi si masewera a m'kalasi chabe. Kampani ya zomangamanga ya ku Britain yotchedwa Carillion inali ndi goodwill ya mapaundi pafupifupi 1.57 biliyoni m'mabuku ake a 2016, ndalama yoposa kawiri gawo lonse la eni. Munthu amene akanachita masamu amene tangochitawa akanapeza kuti chuma chogwirika cha eni chinali pansi pa ziro, pa nthawi imene kampaniyo inkalengezabe phindu ndi kugawa madividendi, ndiye kuti gawo la phindu loperekedwa kwa eni masheya. Mu Januwale 2018 inagwa, ndipo makampani ang'onoang'ono ambirimbiri amene ankaigwirira ntchito pangongole anataya ndalama zawo. Ku America, kampani ya AOL Time Warner inalengeza kuti yaluza pafupifupi madola 99 biliyoni m'chaka cha 2002, makamaka chifukwa chofufuta goodwill imene inalembedwa pamene makampani awiriwo ankaphatikizana. Palibe nyumba imene inapsa kapena makina amene anabedwa. Anangovomereza kuti zimene zinalembedwa ngati chuma sizinalipo.

Ngati cholinga chanu ndi kugula masheya wamba, pali chinanso choti muchotse. Makampani ena ali ndi masheya apadera otchedwa preference shares, amene eni ake amalipidwa patsogolo pa eni masheya wamba, kotero kuti kwa inu amafanana kwambiri ndi ngongole. Kampani yathu ikanakhala ndi masheya otere a K100 miliyoni m'kati mwa gawo la eni, chuma chogwirika cha eni wamba chikanakhala K300 miliyoni, ndipo muyeso ukanatsika kufika pa 15 peresenti. Muyeso umenewu, wotchedwa tangible common equity, unatchuka pa nthawi ya mavuto a zachuma a 2008 ndi 2009, pamene anthu anasiya kukhulupirira miyeso ya mpamba imene mabanki a ku America ankalengeza. Mu 2009 banki ya Citigroup inasandutsa masheya apadera ochuluka, kuphatikizapo a boma la America, kukhala masheya wamba pofuna kukweza muyeso womwewu, ndipo boma linatsala ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a bankiyo. Malamulo a mabanki a padziko lonse otchedwa Basel III, amene anatuluka mu 2010, amachotsa goodwill powerengera mpamba weniweni wa banki, ndipo anaika 3 peresenti ngati malire otsikitsitsa a mpamba wa banki poyerekeza ndi chuma chake chonse.

Kwa ife a kuno, ntchito siyenera kuthera pa muyeso wa m'buku, chifukwa kwacha ili ndi khalidwe lake. Fufuzani m'masamba ofotokozera kuti mudziwe kuchuluka kwa ngongole zimene ziyenera kubwezedwa m'madola kapena m'ndalama zina zakunja. Mu Meyi 2022 Reserve Bank of Malawi inatsitsa mphamvu ya kwacha ndi 25 peresenti, ndipo mu Novembala 2023 dola imodzi inachoka pa K1,180 kufika pa K1,700, kukwera kwa 44 peresenti tsiku limodzi. Tinene kuti pa K500 miliyoni imene kampani yathu ili nayo kwa ogulitsa katundu, K300 miliyoni ndi ya matayala ndi zipangizo za malole zoitanitsidwa kunja m'madola. Kugwa kwa kwacha konga kwa 2023 kukanakweza ngongoleyo kufika pa K432 miliyoni, ndipo K132 miliyoni yowonjezerayo ikanachoka pa gawo la eni. Chuma chogwirika cha eni chikanatsika kufika pa K268 miliyoni, muyeso woyamba ukanakhala 13.4 peresenti, ndipo wachiwiri ukanadumpha kuchoka pa 4 kufika pafupifupi 6.5, kampani isanabwereke kwacha ina iliyonse. Zimakhala zosiyana kwa kampani imene imagulitsa kunja, monga ya khofi, tiyi kapena labala wa ku Nkhata Bay, chifukwa ndalama zake zolowa nazonso zimakwera pamodzi ndi dola. Chigayo chogulitsa ufa m'makwacha ku Zolozolo ndi ku Mchengautuba chilibe chitetezo chimenecho.

Mzere wina umene ndimaupatsa nthawi ndi wa revaluation reserve, umene umasonyeza ndalama zimene zawonjezedwa pa mtengo wa malo ndi nyumba katswiri wa mitengo ya malo atawaunikanso. M'dziko limene mitengo ya zinthu imakwera chaka ndi chaka, kuunikanso kotere n'koyenera, ndipo nyumba ndi chinthu chogwirika ndithu, choncho muyeso wa m'buku suuchotsa mzerewu. Komabe ndalama zimenezi sizinalowe m'thumba la munthu aliyense, ndipo fodya wako ndi amene ali pamphuno. Ngati pa K700 miliyoni ya malo ndi nyumba, K300 miliyoni inachokera pa kuunikanso, werengerani kawiri: poyamba muisiye, kenako muichotse mbali zonse ziwiri, ndipo pa ulendo wachiwiriwu mupeza K100 miliyoni kugawa ndi K1.7 biliyoni, ndiye kuti 5.9 peresenti yokha. Choonadi chili pakati pa 20 ndi 5.9, ndipo chimene chingakuuzeni mbali imene chayandikira ndi tsiku la kuunikako, amene anaunika, komanso ngati malowo ali ndi mapepala a lizi osakanganiridwa. Nyumba yosungiramo katundu ya ku Luwinga imapeza wogula msanga kusiyana ndi galaja ya kumudzi kutali ndi msewu wa tala, ngakhale zonse zitalembedwa pa mtengo umodzi.

M'makampani a pabanja, amene ndi ochuluka mumzinda uno, yang'ananinso ndalama zimene kampani inabwereketsa kwa madairekita ake kapena kwa makampani ena a eni omwewo. Zimalembedwa ngati chuma, koma mwini kampani amene anatenga ndalama n'kumangira nyumba ku Katoto sadzazibweza pa tsiku limene kampaniyo yagwa, n'chifukwa chake ogwira ntchito za ngongole m'mabanki amazichotsa pamodzi ndi goodwill. Mzere wa deferred tax asset nawo ndi wofanana, pakuti ndi lonjezo la kuchepetseredwa msonkho pa phindu limene silinapangidwe. Mbali inayo, ngati eni ndiwo anabwereketsa ndalama kwa kampani ndipo anasaina kuti sadzazitenga ngongole zina zonse zisanabwezedwe, mutha kuziwerenga ngati gawo la eni. Popanda pepala losainidwa, zisiyeni m'gulu la ngongole.

Funso limene limabwera nthawi zonse ndi lakuti nambala yabwino ndi iti, ndipo palibe nambala imodzi yokwanira makampani onse. Banki imayenda ndi ndalama za anthu osungitsa, zimene m'mabuku ake ndi ngongole, choncho muyeso wake woyamba uja umakhala wotsika kwambiri kuposa wa kampani yopanga shuga kapena ya mahotela, popanda kutanthauza kuti ili pamavuto. Makampani a mafoni monga TNM ndi Airtel Malawi, imene inalowa pa msika wa masheya mu 2020, amadalira ziphaso za MACRA ndi mapulogalamu a kompyuta, zinthu zosagwirika zimene zimabweretsa ndalama zenizeni tsiku ndi tsiku, ndipo muyeso wathu umawalanga mopitirira. Pali kukondera kwinanso: lamulo la IAS 38 sililola kampani kulemba m'mabuku dzina labwino limene yadzipangira yokha pa zaka zambiri, pomwe imene yagula dzina la wina imalilemba. Kuchotsa zosagwirika kumathandiza kuti makampani awiri otere ayezedwe pa sikelo imodzi, ndipo uwu ndi umodzi mwa maubwino a njirayi amene satchulidwa kawirikawiri. Yerekezani banki ndi banki inzake, wamalole ndi wamalole mnzake, ndipo koposa zonse yerekezani kampaniyo ndi mmene inalili zaka zitatu kapena zisanu zapitazo. Kampani imene yakhazikika pa 20 peresenti kwa zaka zisanu imandidetsa nkhawa pang'ono kusiyana ndi imene yachoka pa 45 kufika pa 25 m'zaka ziwiri.

Nyengo nayo imasokoneza manambala. Kampani yogula chimanga kapena soya imabwereka kwambiri pa nthawi yokolola n'kubweza katunduyo akagulitsidwa, kotero kuti mabuku otsekedwa mu Julayi ndi otsekedwa mu Febuluwale atha kuoneka ngati a makampani awiri osiyana. Ngati mungathe, pemphani manambala a mwezi umene ngongole imafika pachimake.

Mukapeza kuti chuma chogwirika cha eni chili pansi pa ziro, musapitirize kugawa, chifukwa muyeso wachiwiri utulutsa nambala yopanda tanthauzo imene ingaoneke ngati yaing'ono ndi yabwino. Lembani chabe kuti ngongole zikuposa zogwirika zonse ndi ndalama zakuti, kenako tembenukirani ku funso la ngati kampaniyo ikupanga ndalama zokwanira kusenza mtolowo. Tengani phindu la chaka musanachotse chiwongoladzanja ndi msonkho, mugawe ndi chiwongoladzanja chimene yalipira chakacho. Ndi chiwongoladzanja cha mabanki a kuno, chimene m'zaka za 2023 ndi 2024 chinali pamwamba pa 20 peresenti, ngongole ya K900 miliyoni ya kampani yathu ikanadya ndalama zoposa K180 miliyoni pa chaka, ndipo ngati phindu lake ndi K250 miliyoni, mvula ya chaka chimodzi yoononga msewu wa ku Chiweta ingakwanire kuisiya ikulephera kulipira. Ngati ndinu wobwereketsa kapena wopereka katundu wochuluka pangongole, lembani m'pangano kuti chuma chogwirika cha eni chisatsike pansi pa ndalama zimene mwagwirizana, fotokozani momveka zinthu zimene zizichotsedwa powerengera, ndipo nenani tsiku limene mabuku ounikidwa azifika pa desiki panu chaka chilichonse.